Mwana Amene Munandipatsa pa Khoma Lanu

Kwa Bwana Mkulu,
Nyumba ya Zaluso ya Diso la Fuko,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ndawomba m'manja, maso ndayang'ana pansi monga anandilangira amayi. Pepani kuti kamunthu ka ku Chisepo, kumene fumbi limatidzola popanda kutipempha, kakulembera inu amene mumakhala mu ofesi yozizira ngati firiji ya bucha. Dzina langa ndine Rakele. Mudzati simukundidziwa, komatu mumandidutsa m'mawa uliwonse. Ndine uja munamupachika pa khoma lalikulu loyang'anizana ndi khomo, wopanda nsapato, mwana ali kumsana. M'munsi mwanga munalemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe kuti ndine mayi wachichepere ndi mwana wake pa nthawi ya njala ku Dowa.

Ndalemba kuti ndithokoze. Kwathu kuno mkazi akafuna mwana amaona zakuda: nseru, miyendo kutupa, sikelo, azamba okalipa. Ine munandipatsa mwana ndi cholembera basi, osamva ngakhale kupweteka kwa msana. Chifundo chotere sichipezeka paliponse. Kavuto n'kakang'ono chabe, mwina simukakaona n'komwe: mwanayo si wanga. Dzina lake ndi Sadick, mayi ake ndi a Sadia, akazi awo a Yunus a golosale ya pa Chisepo. Linali tsiku la msika, makasitomala anachuluka, ndiye a Sadia anandipempha kuti ndiwagwirireko mwana. Mlandu wanga wonse ndi umenewo.

Mundilole ndiyale mathokozo anga mwadongosolo, poti kusekondale anatiphunzitsa kuti akuluakulu satha kuwerenga nkhani yopanda manambala.

1. Zikomo chifukwa cha a Bryson, wojambula wanu, amene anafika pa Chisepo makamera ali lendelende m'khosi ngati mabelu a ng'ombe zapangolo. Anandiuza kuti akufuna kuonetsa dziko kukongola kwa atsikana a ku Dowa. Ine ndinali nditangolemba kumene mayeso a Folomu 4, mutu uli wokula, ndiye ndinaganiza kuti ndikupita pa kalendala. Anati ndivule nsapato chifukwa zikuwala kwambiri. Anati tsitsi langa lomanga bwino likusokoneza chithunzi, nabwereka duku long'ambika kwa amayi ena ogulitsa tomato. Tinadutsa golosale ya a Yunus yokhala ndi sola padenga, sanaikonde. Tinadutsa mzikiti wopakidwa kumene penti, sanaukonde. Mtima wawo unakhala pansi atapeza chigafa chakugwa kuseri kwa msika, chimene ngakhale mbuzi zinasiya kubisalamo mvula. Apo anati ndiime, ndisaseke. Anandifunsa kumene kumalowera dzuwa, koma mwana ndi wa yani sanafunse. Za njalazo ndiye ndinazimvera kwa inu. Chaka chimenecho chimanga chinachita kusowa poika, ndipo Sadick anali ndi masaya ngati mandasi a pa depoti, ntchafu zopindikapindika moti kumusambitsa kunkafuna anthu awiri.

2. Zikomo chifukwa cha kutchuka. Simunakhutire ndi khoma la m'kati, munandisindikizanso pa chinsalu chachikulu n'kundikoloweka pa mpanda wanu, pamene maminibasi amaima. Ndi pomwe anandionera a Faines, amene amagulitsa kaunjika mumzindamo. A Faines ndi azakhali ake a Reinford, ndipo Reinford ndi mnyamata wopala matabwa wa ku Mvera amene akufuna kundikwatira. Asanatsike n'komwe minibasi, chithunzi chinali chitafika kale pa WhatsApp ya banja lawo lonse, mpaka kwa achibale amene sindinkadziwa kuti ali moyo.

Chinkhoswe chathu chimayenera kuchitika fodya akangogulitsidwa. Lero chaima. Amene achiimitsa ndi a Gregorio, amalume ake a Reinford, omwenso ndi nkhoswe yake, mkulu wa mpingo amene sanasekepo chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri. Iwo akuti mphwawo sangakwatire mtsikana wobisa mwana. A Sadia anatseka golosale, napita okha ku Mvera atamugwira Sadick padzanja. A Gregorio anati mnzako amakubisira maliseche, umboni wotere sauwerengera. Anatinso mwana amene wabwerayu akuthamanga, pomwe wa pachithunzi ndi wakhanda, ngati kuti ana ku Mvera sakula. Kenaka anakumbukira kuti chaka chomwecho ndinakhalitsa ku Kasakula kudwazika azakhali anga, basi nkhani yonse inalumikizana m'mutu mwawo: ndinakachirira kumeneko, n'kudzamusungitsa mwana kwa Asilamu. Mawu awo omaliza ndi amene muyenera kunyadira nawo, Bwana. Anati anthu ophunzira a mumzinda sangalembe bodza pa khoma, m'zilankhulo ziwiri.

Reinford akuti akundikhulupirira. Amanena zimenezi akuyang'ana utuchi. Tsiku lina ndinamupeza akukulitsa chithunzi chija ndi zala pa foni, akufananitsa makutu a Sadick ndi anga. Zimenezo tidzakambirana ine ndi iye ukwati ukadzatheka, ndipo ndidzamukumbutsa mpaka imvi.

3. Zikomo chifukwa cha maphunziro amene ndinalandira nditabwera ndekha kudzadziona. Ndinali mbuli, Bwana. Sindinkadziwa kuti khasu lothyoka, limene kwathu timatsekera khola la nkhuku, likaikidwa pa tebulo loyera n'kuliwalitsira getsi limasanduka luso. Ndinaonanso chinsalu choyera mbee chokhala ndi kadontho kamodzi kakuda pakati. Ndinafuna kuitana wokolopa kuti ntchentche yachita chipongwe, koma ndinaona abambo awiri a mataye ataima patsogolo pake, atagwira zibwano, akugwedeza mitu ngati amva uthenga wa maliro. Nanenso ndinagwira chibwano. Chinsalucho sichinasinthe.

Kenaka ndinadzipeza. Ndikuuzeni zoona, chithunzi changa chikukhala bwino kuposa ine. Chili ndi mababu akeake, mphepo yozizira, chingwe chofiira choti anthu asachiyandikire, ndi mlonda wa yunifolomu. Chibadwire ine sindinalonderedwepo chonchi. Nditatambasula dzanja kuti ndiloze bodza lili m'munsimo, mlonda anandikalipira kuti zaluso sagwira. Nditatulutsa foni, anati kujambula n'koletsedwa, chifukwa chithunzicho mwini wake ndi a Bryson. Apo ndinamvetsa. Nkhope iyi ndi ya a Bryson, ine ndimangoibwereka poyendera.

4. Zikomo chifukwa cha mtsikana wanu woonetsa alendo, wa Chingerezi chotulukira m'mphuno. Anafika ndi gulu la azungu, naima pambali panga penipeni, n'kuyamba kuwafotokozera za moyo wanga. Anati ndinakwatiwa ndili mwana, sukulu sindinaiponde, ndipo m'maso mwanga muli chisoni cha amayi onse a mu Africa. Bwana, m'maso mwangamo muli nkhani ina. Nthawi imene a Bryson ankadina kamera, Sadick anali atangondikodzera kumsana, madzi ofunda akutsetsereka mpaka m'chiuno, ndipo ndinali nditauzidwa kuti ndisagwedezeke. Mayi wina wachizungu analira mpaka kupukuta magalasi. Sindinadziwe kuti mkodzo wa mwana wa a Yunus ungafike patali chonchi.

Nditanena kuti munthu akukambidwayo ndine, mtsikana wanuyo anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, nati ndikufananako pang'ono. Ku ofesi yanu, alembi anati muli pa msonkhano. Anandifotokozera mokoma mtima kuti mawu a m'munsiwo ndi mbali ya lusolo, sangasinthidwe popanda mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali kunja kukalandira mphotho chifukwa cha chithunzi chomwecho. Mukawaimbira foni muwauze kuti njala ya ku Dowa ikuwafunira mafuno abwino.

5. A Yunus akupereka moni. Anzawo kumzikiti akumawafunsa ngati golosale yagwa, poti mwana wawo akulengezedwa mumzinda kuti akugona ndi njala. Anafuna kubwera okha kudzakuonani. Ndinawaletsa ine, chifukwa chokukondani.

Tsopano pempho langa, Bwana, ndi laling'ono ngati mwini wake. Ankhoswe a mbali zonse akumana komaliza ku Mvera Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Pakapanda munthu wochokera ku nyumba yanu wodzanena ndi pakamwa pake kuti munalemba zimene simunafunse, ukwati wanga uthera pomwepo. Musatumize kalata, a Gregorio adzati ndalemba ndekha. Musatumize mtsikana uja, angadzawafotokozerenso iwo za moyo wawo. Mubwere inuyo, mutavala taye, poti a Gregorio amakhulupirira khoma ndi taye basi. Msewu ndi wabwino, galimoto lanu silidzadandaula, ndipo mpando tidzakupatsani wa ndalema.

Koma ngati misonkhano yachuluka, musadzivute. Azakhali anga anakhala pansi n'kuiunika nkhaniyi mwa mwambo wathu. Kwathu mtsikana akapezeka ndi mwana sakhala pakhomo pa amake, amakamutula kwa amene anamupatsa mwanayo. Afufuza ku Chisepo, afufuza ku Kasakula, sanapeze mwamuna woti amuloze chala. Malo okhawo pa dziko lapansi pamene ine ndili ndi mwana ndi m'nyumba mwanu, ndipo mutu wa nyumbayo ndinu. Choncho mukapanda kuoneka ku Mvera, Lolemba lake tidzafika ndife: ine, azakhali anga onse, mphasa, ndowa ndi katundu wanga yense. Azakhali angawo sadziwa kuyankhula motsitsa, ndipo sachoka pakhomo pa mkamwini asanadye. Mudzauze mlonda atsegule geti lonse.

Muwauziretu amayi kunyumba kuti asaope. Ndinaleredwa bwino, ndidzawalemekeza monga akulu anga, ndipo masiku ogona tidzagawana mwachilungamo.

Ine wanu wogwada kufikira mutandiimiritsa,

Rakele wa ku Chisepo,
mayi wa mwana mmodzi, malinga ndi inu.