Mapazi a Agogo Pakhoma la Ofesi

Lolemba

Ntchito yandigwera! Tauni ya ku Mangalande imene imathandiza bungwe lathu yajambula pakhoma la msika wawo munthu wakwawo amene anakatsegula minda ya tiyi ku Nyasalande. Akufuna chithunzi changati chomwecho pa ofesi yathu kuno kudziko la eni, ku Lang'ata, alendo awo asanafike Loweruka. Abwana, mayi Wanjiru, akuti Mmalawi pano ndine ndekha, ndiye ndione chochita.

Atumiza chithunzi chakale. Mzungu ali gone m'machila, chipewa pamimba. Onyamula anayi, koma wojambula anawadula mitu. Mtima wanga phaa! Ndi mzungu uja wa ku Thyolo. Agogo awo a bambo anamunyamula mpaka phewa linachita chikundu, ndipo mmodzi mwa anayiwa ndi iwo.

Ndalumbira: pofika Loweruka agogo akhala ndi mutu.

Lachiwiri

Ndapeza mmisiri ku Kibera, bambo Ouma, amene amajambula zikwangwani za ometa tsitsi. "Hakuna shida," akutero m'chinenero chakuno, kuti palibe vuto, ndingowapatsa nkhope. Nkhopeyo ndilibe. Ndafunsa pagulu la banja pafoni.

Mayankho:
- Azakhali a ku Luchenza: agogo ankafanana ndi bambo aang'ono a Fred, kungoti iwo anali ooneka bwino.
- A Fred: "Mukutanthauza chiyani, achemwali?"
- Msuweni wa ku Joni: chithunzi cha galimoto lake latsopano.

Agwirizana chimodzi chokha: chala chachikulu chakuphazi chokhotera kunja. Tonse pamtundu pathu tili nacho.

Lachitatu

Nkhondo pagulu la banja, kulimbirana mphuno ya agogo. A Fred atuluka m'gulu.

A Ouma sadikira munthu. Ndikufika, onse anayi ali ndi mitu, ometedwa mwamakono, kamzere m'mbali. Agogo ngati akupita kukaimirira ukwati! Ndangoti bola mapazi akhale oona. Ndavula nsapato, ndaima pakatoni, a Ouma akopera phazi langa pa mmodzi mwa anayiwo. Mlonda waseka mpaka kutsamwa.

Lachinayi

Abwana atumiza ntchito yathu ku Mangalande kuti akaione. Yankho labwera msanga: machila akhoza kukhumudwitsa anthu. Mzungu aimirire yekha, aloze kutsogolo.

Moyo wake wonse sanapondepo matope, lero waima!

A Ouma afufuta machila. Patsala amuna anayi, manja m'mwamba, osanyamula kanthu. Mayi wootcha chimanga pageti akufunsa kuti apolisi awagwira atalakwa chiyani.

Lachisanu

Abwana akuti anayiwo achoke, paikidwe munda wa tiyi. Ndawafotokozera za agogo, zonse. Amvetsera bwinobwino, ati "pole sana," ndiye kupepesa kwakunoko, kenaka andifunsa ngati utoto wobiriwira ulipo wokwanira.

Ine ndayankha kuti ulipo. Ine ndemwe! Ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira yani. Ndinkafuna mutu, ndataya ndi thupi lomwe.

Utoto sunakwanire. A Ouma apaka kuchokera kumwamba, wawathera mu akakolo.

Loweruka

Alendo atatu, aulemu kwambiri, ofiira ndi dzuwa. Nsalu yophimba chithunzi yavundukulidwa. M'manja!

Zooneka pakhoma:
- mzungu, akuloza molunjika chitseko cha kuchimbudzi;
- tiyi wofanana ndi kabichi;
- mapazi asanu ndi atatu pansi pa tiyi, amene sakuoneka chifukwa abwana andiuza mmawa kuti ndiikepo miphika ya maluwa. Ndanyamula ndekha. Ntchito yapamtundu.

Mayi mmodzi mwa alendo wandigwira dzanja, akufunsa ngati kwathu timamukumbukirabe munthu wawo. "Kwambiri," ndatero. Sindinaname. Timakumbukira kulemera kwake.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ndatsika minibasi, imene kuno amati matatu, pa ofesi. Kuli zii, mlonda yekha ndi wailesi yake. Ndasuntha miphika, ndajambula mapazi aja, ndatumiza pagulu osalembapo kalikonse.

Sipanathe mphindi, azakhali: "Achiwiri kuchokera kumanzere. Ndi iwowo."

Palibe watsutsa. Wina wawabweza a Fred m'gulu, nawonso angolemba kuti "Eya." Ndakhala pansi pakhonde, maso akulasa, mlonda akunamizira kukonza wailesi.

Mutu ndalephera, agogo, mundikhululukire. Mawa ndilawirire kudzabwezera miphika abwana asanafike. Lero lokha mapaziwo apitidwe mphepo, ayenda mokwanira.