Beseni la a Salowamadzi

A Salowamadzi, ogulitsa magalasi adzuwa pokwerera mabasi, sankagulitsa kanthu asanakaviike m'madzi. Pambali pa benchi lawo pankakhala beseni lobiriwira, lomwe akazi awo ankalisowa tsiku lililonse lochapa.

"Taonani achimwene," ankatero akuvuula magalasi m'besenimo. "Dontho silikhalapo! Mvula igwe, inu mukungoona bwinobwino."

"Nanga mvula ikamagwa dzuwa limakhala kuti, mdala?" kondakitala wina ankawaputa.

"Limadikira. Inunso dikirani mutavala."

Akatero ankawavala akudontha, madzi chuchuchu m'masaya, anthu n'kufa nalo phwete. Kuvula ndiye ayi. Wometa tsitsi anachita kuphunzira kulambalala makutu. Mkulu wa mpingo atawapempha kuti avule polowa m'tchalitchi, anayankha kuti Mulungu amawadziwa kale maso awo.

Akazi awo okha ndi amene sankaseka. Tsiku loika mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, bambowo anaima pamanda ndi magalasi akuda bii, ngati mlendo wongodutsa. Kutacha ananyamula beseni lochapira kupita nalo kumsewu, ndipo masewera oviika aja anayamba tsiku limenelo. Mayiwo sanakhululuke.

"Chosalowa madzi ndi mtima wanuwo, bambo, osati timagalasi tanuto," ankawauza.

Iwo ankangopukuta katundu wawo. Zinatero zaka khumi ndi ziwiri, mpaka masana ena anagwa pabenchi lawo osadzukanso, magalasi ali kumaso.

Patatha sabata, mayi aja anapita kukachotsa katundu. Mtsikana wina anaima n'kufunsa, "Amayi, salowadi madzi amenewa?"

Mokwiya, mayiwo anaviika magalasi m'beseni n'kuwavala akudontha. Dziko litangoda, maso awo anagonja. Analira mwana, analira mwamuna, misozi ikusakanikirana ndi madzi a m'beseni.

"Eee, mayi mwatengera!" anakuwa kondakitala uja. "Ndendende malemu!"

Anthu anaseka. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anazindikira kuti akulira. Apa m'pamene mayiwo anamvetsa: zaka zonse zija mwamuna akulira pamsewu, kakhumi patsiku, anthu akumuombera m'manja, iwo kunyumba akumutcha mwala.

Lero pamalopo fumbi lili koboo, palibenso wonyowetsa nthaka. Makondakitala amati anasowa wowaseketsa. Mayi aja akamva zimenezo amangodutsa osapereka moni. Beseni analitenga, koma sachapiramo.