Mipata ya m'Kwaya ya ku Matawale

Matawale,
Zomba.

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Nthambi Yowerenga Amoyo ndi Akufa,

Bwana wanga,

Ndagwada ndi mawondo onse awiri, ngakhale limodzi ndi la nyamakazi. Ndine Japhet Namaona, woimbitsa kwaya ya kampingo kena kuno ku Matawale, munthu amene masamu ake amathera pa "wani, thu, fili" nyimbo isanayambe. Ndalemba kuthokoza chifukwa cha ulemu umene mwatichitira potiitana kuti tikaimbe pamwamba pa phiri la Zomba, pa mwambo woyamika kuti mliri wa korona unatilambalala. Akuti kudzakhala alendo akunja odzaphunzira mmene tinapulumukira. Ife kuno tinali tisanamve kuti tinapulumuka, choncho uthenga wanu watitonthoza kwambiri. Ndili ndi timfundo tochepa, ndipo ndikupempha kuti musatitenge ngati mwano.

1. Ndikupepesa m'malo mwa mwana wanga Eva, yemwe ali kuyunivesite. Tsiku lina anandionetsa mapu a dziko lonse pafoni. Akuti anzathu a maiko ena safunsa kuti malemu anayezedwa kapena ayi. Amangotenga maliro a chaka wamba n'kufananiza ndi a chaka cha mliri, ndipo opitirirawo amati ndiwo mliri wadya. Maiko enawo anali ofiira piriwiri, ena ofiirirako, koma ife tinali mbuu ngati phulusa. Eva akuti kutuwako kukusonyeza kuti palibe anatiwerenga, poti ambiri timafera pakhomo n'kuikidwa kumudzi boma osadziwa. Ndinamudzudzula kolimba. Ndinamuuza kuti abwana ananena okha pawailesi kuti dziko lathu ndi chozizwitsa, ndipo mwana wadzulodzuloyu sangapose munthu amene amakwera ndege kukafotokozera azungu za thanzi lathu.

2. Ndagoma nayo njira yanu yowerengera. Ndamva kuti munthu, kuti alowe m'chiwerengero chanu, ayenera kuyamba wayezedwa, kenaka apeze bedi kuchipatala, ndipo afere pabedipo mwadongosolo. Mayeso amenewa ndi ovuta kuposa a fomu folo, n'chifukwa chake ambiri kwathu kuno analakwa.

Mmodzi mwa olakwawo ndi akazi anga, a Vera. Mu Januwale wa 2021 anayamba chifuwa, kenaka befu. Tinawafukiza masamba a bulugamu, tinawamwetsa mandimu ndi jinja mpaka mandimu anasowa pamsika. Zitafika pothina, a Aslam, omwe a Vera ankawasokera makatani a m'sitolo mwawo, anatibwereketsa galimoto. A Vera anatisiya tili pamzere wa magalimoto pachipata cha chipatala, mutu wawo uli pamiyendo pangapa. Namwino anasuzumira pazenera n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani bambo, amenewa afika atatha kale. Zoyezera n'zochepa, tikusungira amoyo." Sindimuimba mlandu mwana uja, maso ake anali ofiira ndi tulo. Koma mwa njira yanu, bwana, a Vera anachedwa ndi mapazi ochepa chabe, ndiye sanafe ndi mliri. Kunena zoona, m'mabuku mwanu sanafe n'komwe.

Chimodzimodzi achimwene ake a Stambuli, Stambuli uja woyandikana nafe nyumba. Anamwalira m'mawa, ndipo monga mwa Chisilamu anaikidwa dzuwa lisanalowe. Anachita changu kwambiri moti ofesi yanu sinawaone. Ena anapita kukaikidwa ku Jali, ku Thondwe, ku Mayaka, pamalole obwereka. Onsewa anali anthu aulemu, sanafune kukudetserani mapu.

3. Mwafotokoza kuti chinatiteteza ndi dzuwa lathu komanso kulimba kwa magazi athu. Ine ndikuwonjezerapo madzi ozizira a Mulunguzi, kuti alendo anu akhale ndi chonyamula m'mabotolo. Chokhacho chimene chikundizunguza mutu n'choti mwezi umenewo ife a kwaya tinasasa mawu. Tinkachoka kumanda kuno kuthamangira kwina, titavala zotseka pakamwa, nyimbo tikuidula pakati chifukwa bokosi lina likudikira. Ndaimbitsa kwaya kuyambira nthawi ya referendamu, za Edzi zija ndinaziona ndi maso angawa, koma kuimba koteroko m'mwezi umodzi sindinakuonepo. Poti inu mwati kunalibe maliro opitirira muyeso, ndiye kuti tinkangoimbira mabokosi opanda kanthu. Mutikhululukire chifukwa chowononga matabwa a m'phiri.

4. Iyi ndiyo nkhani yandilembetsa kalata. Kwaya yathu ili ndi mwambo umene tinaupeza. Woimba akamwalira, malo ake pamzere sitiimapo. Timasiya mpata mpaka abale atamanga chiliza, ndipo tsiku limenelo tikaimba kumanda, m'pamene timasunthirana n'kutseka. Chaka wamba timakhala ndi mpata umodzi, zikavuta iwiri, ndipo mlendo sazindikira n'komwe. Lero mzere wa alito ukuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Kwa abesi nako kulowa mphepo. Ziliza zambiri sizinamangidwe, poti m'mabanja ena womanga chilizayo nayenso anatsatira. Cha a Vera ndine ndikuzengereza, mtima sunalole.

Loweruka lapitali kunabwera a Gilson a mu ofesi yanu kudzaona mmene tikukonzekera. Munthu waulemu, wa tayi yake, nsapato zosadziwa matope a Matawale. Anamvetsera nyimbo, anawomba m'manja, kenaka anati, "Mawu ali bwino kwambiri, madala. Koma maimidwewa ayi. Muthithikane pakati apa, pa kanema zisaoneke ngati anthu ena sanabwere. Alendo angayambe mafunso."

Amene anayankha ndi mayi Rosebell, omwe aima pafupi ndi a Vera kuyambira ali atsikana. Anati, "Achimwene, pamenepa pali anthu. Ine ndisunthire pa a Vera ngati ndani? Kapena mwabwera ndi simenti?" A Gilson anaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala, koma ataona kuti akuseka okha anasiya. Pochoka anandikokera pambali n'kundiuza kuti tikapanda kutseka mipata, aitana kwaya ina yodzaza bwino.

Bwana, akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma ine ndakalamba, ndinena poyera. Zandiwawa. Ndikakweza dzanja kuti tiyambe nyimbo, maso anga amayamba agwa pampata wachitatu kuchokera kumanzere, ndipo khutu langa limadikirabe alito imene sibwera. M'dziko lonse lino, mpata umenewo ndi malo okhawo amene amavomereza kuti a Vera analipo ndipo anachoka. Kuchipatala sanalembedwe, kwa inu sanafike, pamapu a Eva ali m'phulusa lija. Tsono a Gilson akuti nawonso titseke, kuti chithunzi chikome.

Ine sinditsutsana ndi boma. Ndili ndi pempho laling'ono, ndipo musankhe nokha mbali imene ikupepukirani.

Ngati chiwerengero chanu chili choona, ndiye kuti oimba anga ali moyo, angosochera penapake m'maofesi mwanumo. Chonde atumizeni. Timaphunzira nyimbo Loweruka masana, yunifomu zawo tinasunga. A Vera muwauze kuti makina awo osokera sindinagulitse, ndipo nsalu imene anaisiya pansi pa singano ikadali pomwepo.

Ngati zimenezo zikuvutani, tiloleni tikwere phirilo monga tilili. Tidzaima aliyense pamalo pake, tidzaimba mokweza mmene tingathere, ndipo alito ikadzafika posowa, sitidzaikwirira. Alendo anu ndi akatswiri owerenga anthu osowa, anawolokera nyanja ntchito yomweyo. Sadzafuna foni kapena mapu. Inunso, poti mudzakhala pampando wakutsogolo, mudzatha kuwerenga ndi chala, ndipo mayi Rosebell adzakuthandizani maina.

Mukasankha kwaya ina yodzaza bwino ija, sitidandaula. Mungoifunsa kaye kuti inatseka liti mipata yake.

Mulungu akusungeni, bwana, ndipo tsiku lanu likadzafika, adzakupatseni mwayi wofera pabedi mutayezedwa, kuti inu mudzawerengedwe.

Ine wanu wogonjera, amene mwa chisomo chanu sindine wamasiye,

Japhet Namaona
Woimbitsa kwaya, Matawale