Wailesi Imene Inazemba Makutu a Mbewe

Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo, akwere minibasi ya kwa Kawale, akafunse aliyense wa imvi kuti Chimbalanga wokonza mawailesi anali ndani. Ine ndinatsekapo mlengalenga ndi loko, masiku amene foni ya m'manja inali ya mabwana okha.

Zonse zinayamba ndi Nasimango, mayi wamasiye wa ku Ntcheu wogulitsa zitumbuwa mumzere wathu. Ndinkafuna kumukwatira, ndipo ndisabise, ndinkamukonda mpaka kumawotcherera mawaya chozondoka. Vuto linali Mbewe, wokonza mawailesi mnzanga wa tsidya la msewu, amene nayenso ankamufuna. Kumuimbira pabyulo ya telefoni sikukanatheka, chifukwa mayi wapabyulo ankamva zonse, pofika madzulo nkhani yako ili ku Biwi. Kupita ndekha pakhomo pa wamasiye, akumpingo akanandikhazika pansi.

Ndiye ndinatenga masipoko a njinga, mahang'ala, chitini cha mkaka ndi batire la minibasi yakufa, n'kupanga mawailesi awiri olankhulirana, ina yanga, ina ya Nasimango. Ikanakhala wailesi wamba, Mbewe akanangopotokola batani n'kutipeza. Yanga inali yoganiza. Mukumva? Inkanunkhiza mlengalenga ngati galu, kusaka mpata pomwe palibe siteshoni ikulankhula, n'kulowa pomwepo, ndipo eni malo akangotsokomola kuti ayambe uthenga wa maliro, iyo inkadumpha mwaulemu kukabisala pena, kudumphanso, kudumphanso, moti Lamulungu lina mipata yonse itadzaza ndi makwaya inakabisala m'kanthawi kamene mlaliki amameza malovu.

Mawu anga sindinkangowamwaza ayi, ndinawapota kukhala kaulusi kopyapyala kodutsa pabowo la singano ya telala Che Amidu, kukhota pakiyosiki ya madzi, kudikira ngolo idutse, n'kukalowa m'khutu lamanzere la Nasimango basi. Kwa Mbewe ndinalozetsako phokoso. Ndinajambula chigayo pakaseti n'kuchiponya padenga pake pokha, mwamphamvu moti akayatsa wailesi kuti atimvetsere m'sipika munkatuluka gaga, gagayo anadzaza chipinda, anasefukira panja, nkhuku za kwa Kawale konse zinasamukira pakhomo pake, zina zinachokera ku Chinsapo wapansi. Ndikulumbira pali malemu amayi anga.

Lachitatu masana ndinayatsa makina anga.

"Nasimango! Loweruka m'mawa ndikutumiza amalume kwa achimwene anu ku Area 23. Musauze munthu!"

"Ndamva, a Chimbalanga," anayankha pawailesipo. "Koma tsitsaniko mawu."

Ndinati mwina sanamve bwino, ndiye ndinabwereza kawiri.

Loweruka amalume anavala jekete yawo ya kutchalitchi, anakafika ku Area 23, n'kupeza kuti amalume ake a Mbewe anafika Lachisanu ndipo nkhani inatha. Ndinalira, abale, bambo wamkulu ndevu pepeya. Sabata yonse ndinaphwasula makina aja waya ndi waya kufuna pomwe chinsinsi chinadonthera, osapapeza. Pomaliza ndinameza manyazi n'kuwoloka msewu.

"Mbewe, tandiuzani, loko wanga munamuthyola bwanji?"

"Loko uti, achimwene? Wailesi yanga mpaka lero ikutulutsa gaga. Ine ndinangokhala pakhonde."

Apa ndiye pamene ndimalumpha ndikamafotokozera ena, koma inu mwandigulira tiyi. Zaka zonse zoyesa masipika powagunditsa kukhutu zinandigonthetsa, ndipo munthu wogontha sadziwa kukula kwa mawu ake. Nyumba ya Nasimango inali chitseko chachinayi kuchokera panga, zenera langa lili pululu. Anamva amayi a pakiyosiki, anamva Che Amidu makina osokera akulira, anamva ndi ogula makala omwe. Mbewe anangosamba, n'kupita Lachinayi pampanda wa Nasimango kukalankhula motsitsa, mayi uja n'kunena kuti mwamuna wolengeza dzina lake kumzere wonse sangakhale naye nyumba imodzi.

Paukwati wawo zokuzira mawu ndinamanga ndine, ndipo zinamveka bwino kwambiri. Koma mudziwe ichi: pamlengalenga palibe anandiberapo liwu ngakhale limodzi, ndipo mpaka lero palibe angathe. Inu akumbuyo mukukodola chiyani, nditsitse mawu? Apatu ndikunong'ona.