Ambio ndi Thumba Lachitatu

Kwathu ku Palo Seco munthu sankaponda thumba lachitatu osanena "odi". Limeneli si lamulo la besibo ayi. Linali lamulo la Ambiorix Severino, yemwe tonse tinkangomuti Ambio, mlonda wa thumbalo m'timu yathu ya odula nzimbe kuyambira ndevu zisanamere mpaka imvi zitatulukira ndi m'mphuno momwe.

Masewerawo ndi osavuta. Woponya wa timu ina amakuponyera mpira, ndipo ukaumenya ndi chibonga umathamanga, kuponda thumba loyamba, lachiwiri, lachitatu, nkubwerera pa mbale pomwe unayambira, basi wagoletsa. Akakukhudza ndi mpira phazi lako lisali pa thumba, watuluka. Kwa ife tonse thumba lachitatu linali pongodutsa. Kwa Ambio panali pakhomo pake, ndipo mdani aliyense wofikapo anali mlendo woyenera malonje.

"Takulandirani, achimwene," ankatero, mnyamata wa timu ina akufika wefuwefu. "Kodi si iwe mwana wa Doña Fela wa ku Quisqueya? Mwendo uja bwanji mayi ako?"

"Ukupezako bwino, akulu."

"Tithokoze Mulungu. Tasuntha pang'ono phazilo ndikusasire fumbi, ungapite kwanu ngati wagona m'khola."

Mwana woleredwa bwino uja nkusunthadi. Mpira unali m'golovesi ya Ambio nthawi yonseyo. Khu! pamsana.

"Watuluka! Ukawapatse moni mayi."

Anatulutsa anthu ambiri ndi ulemu kuposa ndi dzanja. Ine Cirilo ndinkalonda thumba loyamba, ndiye ndine ndinkawakha zonse zimene ankaponya kuchokera tsidya lina la bwalo. Taonani zala zangazi. Palibe chimene chimaloza kumene chinzake chikuloza. Ali mnyamata, mkono wa Ambio unali mfuti, ndipo ndinkamutukwana tsiku lililonse kwinaku ndikumunyadira.

Thumbalo linalidi lake. Masiku amenewo matumba athu anali a shuga, othiramo utuchi, ndipo lachitatulo anasoka ndi mayi ake omubala, malemu Doña Eduvigis. Masewera akatha Ambio ankalisasa, nkulimangirira pa njinga, nkupita nalo kwawo. Mkazi wake Nereida ankadandaula pa msika kuti denga likadontha thumba ndilo limayamba kusunthidwa, iye pambuyo.

Ndiye kunadza Malichi wina, nzimbe zikupsa m'minda, phulusa likugwera pa zovala zoyanika. Ndi mwezi umene timu imayesa anthu ligi isanayambe, aliyense kulimbirana malo. Ambio sankadziwerengera m'gulu la oyesedwa. Munthu amayesedwa pakhomo pake? Koma chaka chimenecho kunabwera Wilkin, wowotcherera zitsulo ku fakitale, miyendo ngati ya gwape. Ndipo manijala wa timu anali Plinio Encarnación, mwamuna wa Casilda, mlongo wake wa Ambio.

Plinio anasankha mawu ngati akusankha nyemba.

"Alamu, komiti yaganiza kuti chaka chino mupumeko. Wilkin ayesere pa lachitatu."

"Komiti yake iti?"

"Komiti ya timu."

"Inu, wometa tsitsi, ndi Don Nicasio amene amagona pa msonkhano? Imeneyo ndi komiti kapena ndi anthu odikira basi?"

"Maondo anu atha, alamu."

"Munawabwereka liti kuti mudziwe?"

Ambio anawerama, ndipo kunena zoona maondowo analira tonse tikumva. Anazula thumba lake, nkulimangirira pa njinga masewera ali pakati.

"Mnyamata wanuyo alonde dothi," anatero, nkupalasa.

Tinaikapo katoni. Mphepo inaiulutsa. Tinaikapo ina nkuipsinja ndi mwala, Wilkin anasupuka bondo. Yachitatu inatoledwa ndi mbuzi ya Doña Mercedita wothamanga ali m'njira, ndipo munthu wamkulu, bambo wa ana anayi, anaithamangitsa mpaka kuseri kwa tchalitchi akufuna kuiponda. Woimbira anagamula kuti malinga wagwira mbuzi, wafika.

Mwina zikanathera pomwepo, koma Ambio ankakhulupirira kuti chetechete sautsa nyama. Kunali Tavito, wogulitsa nthochi zophika, yemwe ankazungulira tauni pa kagalimoto kokhala ndi chimkuzamawu padenga. M'mawa wina tinamva monga mwa masiku onse: "Nthochi! Nthochi zazikulu ngati mkono wa wansembe!" Kenako chimkuzamawu chinatsokomola, nkutuluka mawu ena.

"Anthu a ku Palo Seco, ndine Ambio wanu! Ndikudziwitseni kuti Plinio Encarnación, amene anabwera kwathu kudzafunsira mlongo wanga atavala nsapato zobwereka, zonse ziwiri za kumanzere, lero akuti ine ndakalamba! Munthu amene pa moyo wake wonse mpira anaumenyapo kamodzi, nawonso unachita kumugunda wokha! Pagona tonde padzinunkha! Nthochi zilipo, gulani."

Amayi anatuluka m'nyumba ndi zipande m'manja. Pofika masana Tavito analibe ngakhale nthochi imodzi.

Plinio anali munthu wofatsa, wovala malaya otsekera mpaka pakhosi, ndipo tonse tinkati sayankha. Mawa lake kagalimoto kanadutsanso.

"Chidziwitso chochokera ku komiti. Amene mwakhala mukumva chitseko chikulira m'mawa uliwonse, musavutike kuthira mafuta. Ndi maondo a alamu anga akudzuka. Komanso chinangwa chafika."

Apa ndiye moto unabuka. Tauni inagawikana pakati ngati papaya. Ometa tsitsi anali a Plinio, oyendetsa njinga zamoto a Ambio. Pa masewera a domino anthu ankamenyetsa matebulo mpaka mowa wa ramu kutayika. Tavito ananenepa. Wansembe analalikira za Kaini ndi Abele, mbali zonse ziwiri zinatuluka zikuti wanena anzawo. Wilkin yekha, mwini nkhani, ankayenda chozemba ngati waba nkhuku.

Ine ndinapita kwa Ambio. Ndinamupeza pakhonde, thumba lili pa mpando wogwedera, iye atakhala pansi.

"Bwera ku loyamba, tizisinthana," ndinatero. "Kulibe kuthamanga kumene kuja."

"Ku loyamba? Kumene amaika anthu onenepa ndi odwala? Pepa Cirilo, sindikunena iwe."

"Ukunena ine."

"Chabwino, ndikunena iwe." Anasisita thumba lija. "Ku munda ndine wodula nzimbe ngati wina aliyense. Kuno ndine mwamuna wa Nereida. Ukandichotsa paja, Ambio ndiye uti?"

Ndinanyamuka nkubwerera kwathu.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi Casilda. Anatopa ndi kuphikira mwamuna wosadya ndiponso kupewedwa ndi mlongo wake pa msewu. Anaimitsa Tavito pakati pa msika, nkumulanda cholankhulira.

"Plinio! Ambiorix! Mwandichititsa manyazi mokwanira, madoda opanda nzeru inu. Kutsutsa galu nkukumba. Lamulungu Misa ikatha nonse ku bwalo, thumba libwere. Wosabwera azikadya ndi nkhuku."

Lamulungu limenelo ngakhale agalu anabwera. Anthu anakwera m'mitengo ya mango. Ambio anafika atachapitsa yunifolomu, anaika thumba pamalo pake, nkuweramira anthu ngati woimba. Mayeso anali apafupi: Plinio amenye mipira yokwawa pansi, woyesedwa aitole, aponye kwa ine.

Anayamba Wilkin. Mnyamata uja ankatola ngati akutola mazira a nkhuku yake, ndipo mpira unkafika m'golovesi yanga ndisanaphethire. Anthu a Ambio anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Kenako mwini khomo. Mpira woyamba anautchinga ndi chifuwa. Wachiwiri ndi msolo wa bondo. Wachitatu unamupeza pachibwano, iye nkufuula, "Pakhomo panga sipadutsa wakuba!" Bwalo lonse linagwa nacho chiseko, ndipo nzoona, palibe mpira unamudutsa. Koma kutola ndi theka chabe la ntchito. Anatola wina bwinobwino, anaponda, anakoka mkono uja umene unandipinda zala, nkuponya ndi mphamvu zake zonse.

Mpira unagwa pakati pa bwalo. Unadumpha kawiri, nkugubuduzika pang'onopang'ono mpaka kudzaima patsogolo pa nsapato yanga.

Ndinaweramira mpirawo nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira, chifukwa sindinkafuna kumuona nkhope. Plinio anatsitsa chibonga, osamenyanso wina.

Ambio anayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Kenako anazula thumba, tonse nkuti basi, njinga ija. Koma analisasa mbali zonse, nkulibwezera pansi, nkuliwongola ndi phazi.

"Iwe wowotcherera, tabwera kuno. Alendo umadziwa kuwalandira?"

"Ndiphunzira, akulu."

"Uyambe ndi kufunsa za mayi awo. Ndipo thumbali ndakubwereka, sindinakupatse. Limagona kwathu."

Atatero anayenda mapazi owerengeka, nkukaima kunja kwa mzere, pamalo pamene pamaima mlangizi wouza othamanga athu kuti aime kapena apitirire ku mbale. Palibe anamupatsa udindowo. Komiti inangomva kuti ili ndi mlangizi watsopano.

"Sindinachoke," ankauza aliyense. "Ndangosuntha phazi."

Anali mlangizi woipa kwambiri amene ndinamuonapo. Mawu oti "ima" sankawadziwa. Wothamanga akangotulukira, kaya ndi wopepuka kaya ndi Chucho wa mimba ngati mgolo, Ambio ankazunguza mkono ngati chopukusira, akukuwa, "Pita! Usaime! Pita!" Theka la anthuwo linkakatulutsidwa pa mbale. Iye ankati vuto ndi miyendo yawo.

Koma Plinio sanamulankhulenso mwachindunji, ngakhale ankadyera tebulo limodzi kwa Casilda. Atakhala pa benchi imodzi, mapewa akugundana, ndinkamva:

"Cirilo, uwauze alamu anga kuti woponya wawoyo watopa."

"Cirilo, uwauze kuti ndili ndi maso."

"Uwauze kuti awagwiritse ntchito."

Zaka zinapita choncho, mpaka Plinio anayamba kuyendera ndodo, ine ndikadali chimkuzamawu chawo chopanda nthochi.

Ambio anatisiya m'mawa wina wa mvula. Nereida anamupeza pakhonde atatsamira thumba lake, khofi atazizira pambali. Anati anadziwa kuti zavuta chifukwa kunali chete.

Wosewera akamwalira kwathu kuno timamuzungulitsa bwalo komaliza tisanapite naye kumanda. Tinanyamula bokosi, ine kutsogolo, Wilkin mbali inayo, nayenso tsopano wa imvi zake. Tinaponda loyamba. Tinaponda lachiwiri. Pa lachitatu panali dothi lokhalokha, pakuti Nereida anali atamutsamiritsa thumbalo m'bokosimo. Tinangopezeka taima. Palibe analamula, miyendo inakana yokha.

"Odi," anatero Wilkin chapansipansi.

Palibe anayankha. Tinaima pamenepo, bokosi likulemera, anthu akusisima, ndipo panalibe wodziwa chochita, poti wouza anthu kuti apitirire ndi amene tinamunyamulayo.

Ndiye tinamva ndodo, go, go, go. Plinio anadutsa pakati pa anthu, malaya otsekera mpaka pakhosi, nkukaima kunja kwa mzere, pamalo a Ambio penipeni. Ndinatchera khutu kudikira "Cirilo, uwauze." Sanandiyang'ane nkomwe. Anayang'ana bokosi.

"Alamu," anatero, "mukudikira chiyani? Inu simunaimitsepo munthu pano."

Anagwetsa ndodo, nkuyamba kuzunguza mkono wake wokalambawo.

"Pitani, alamu! Musaime! Pitani!"

Tinathamanga. Madoda okalamba, bokosi paphewa, tikulira kwinaku tikuseka, bwalo lonse likukuwa, mpaka tinaponda mbale. Woimbira wathu wakale anatambasula manja kuti wafika bwino. Mwa onse amene anatumizidwa kuchokera pa thumba limene lija, ndi ochepa anafika opanda wowatsutsa.

Lero bwalo lili ndi matumba a labala, oyera, ogula ku sitolo, ndipo usiku amagona panja opanda wowadandaula. Tavito amangolengeza nthochi basi. Anyamata a masiku ano amathamanga kuposa ife, koma akafika pa lachitatu amangopumira m'mwamba, palibe wowafunsa za mwendo wa mayi awo. Ine ndi Plinio timakhalabe pa benchi ija. Nthawi zina woponya akatopa amanditembenukira, nkuyamba kuti, "Cirilo, uwauze..." Kenako amatseka pakamwa, tonse nkumangoyang'ana ku thumba lachitatu.