Ng'ona ya pa dooko la amayi

Kodi galu akangoima chilili, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'mwamba, mchira uli tolotolo, mphuno italoza patchire, osauwa, osaphethira n'komwe, ndiye kuti waona chiyani? Funso limeneli ndinazungulira nalo mudzi wonse kuno ku Chia ndipo palibe anandiyankha. Alamu anga a Yohane, msodzi wodziwa nsomba iliyonse ndi kumene imagona, anangoti, "Alamu, za galu wa azungu mukafunse azungu." A Shaibu a pa okala anati za agalu sazidziwa ndipo safuna kuzidziwa, galu wangayo ndingomuimika kutali ndi mkeka wawo wopempherera. Mayi wina pa mjigo anati galu wotero amaona zimene anthufe sitiona. Ine poti ndinafika folomu 4 ndinaseka, koma kuseka kwa pamwamba chabe.

Galuyo ndinamupeza chonchi. Ndinkaperekera zakudya pa loji ina ku Ngala, ndiye mwini wake, mayi wachizungu, pobwerera kwawo anandisiyira galu wake, wofiira ngati katondo, waubweya wautali, makutu olendewera. Anati mtundu wake ndi seta. Anafotokoza zambiri m'Chingerezi chothamanga, kwinaku akukupiza manja ngati mapiko, ine n'kumangogwedeza mutu poganiza kuti akunena za ndege imene akwere. Chimene ndinatolapo n'chimodzi chokha: galuyo azithamanga tsiku lililonse.

Ndinamulandira chifukwa cha Takondwa, mwana wathu woyamba, wa zaka ziwiri. Pa mwana ameneyu ndine wamantha, sindikana. Madzi ake akumwa ndimawiritsa ndekha, neti yake ndimaiyendera ndi singano m'manja, akangotsokomola kamodzi ine ndayamba kale kupopa njinga. Ndinati galu azithamangitsa njoka pabwalo, mwana azisewera mwamtendere.

Mtendere wake uti? Sabata yoyamba anadutsa pakati pa mpunga wa apongozi woyanika pamkeka, yachiwiri anagwetsa thandala la usipa la eni ake. Mwayi wake chitopa chinali chitasesa kale nkhuku zonse m'mudzi muno, apo ayi bwenzi ndikuimbidwa mlandu tsiku ndi tsiku. Apongozi anga, a Naphiri, anamutcha Kamvuluvulu, ndipo dzinalo linakhala. Komanso mudziwe kuti ine pano ndine mkamwini. Zaka zitatu ndakhala pamudzi pano, apongozi sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa, ndipo zokamba zathu zonse zimadzera mwa amake Takondwa.

Kuima kwake kuja anayambira kuseri kwa khitchini, pa katchire kena. Katatu konse. Ndinalikha tchirelo, ndinaotchapo tayala lakale mpaka utsi unatsokomoletsa mudzi wonse, njoka sindinaione koma ndinati yathawa. Poti aliyense analephera kundiyankha, ndinadziyankha ndekha: Kamvuluvulu akaima chonchi, ndiye kuti pali choopsa.

Tsiku la tsokalo linali Loweruka m'mawa. Amake Takondwa ankapita kukamweta mpunga, ndipo apongozi anati amutenga mwanayo kudooko la amayi, kumene ankakavuula chinangwa ndi kusamba. Ndinawakokera pambali amake Takondwa, chifukwa mwezi wathawo ng'ona inali itagwira mbuzi tsidya lina la dambo.

"Mukawauze amayi asamuyandikizitse kumadzi," ndinatero.

"Bambo a Takondwa, amayi analera ana asanu ndi awiri pa dooko lomweli. Ndikawauze zimenezo ndi pakamwa pati?"

Ndinati bola nditenge galu ndikamuthamangitse mpaka atope, nanenso maganizo achepe. Ndipo poti ndine munthu wosamala, chingwe sindinachigwire m'manja ayi, chingapulumuke. Ndinadzimangirira nacho m'chiuno, mfundo yake ya asodzi imene alamu anandiphunzitsa, yoti ukamaikoka imalimbiratu.

Abale, galu ameneyu sathamanga, amauluka! Titangotuluka pabwalo ine ndiye ndinasanduka womangidwa, iye mwini chingwe. Anandidutsitsa m'milu ya chinangwa, patapata wina anatsalira m'menemo, tinalumpha ngalande, ine ndikukuwa "Kamvuluvulu, ima!" iye akuyesa ndikumuchemerera, mpaka pamene ndinazindikira kuti kanjira kamene tilimo n'kachilendo. Mbali zonse bango, pansi mchenga wonyowa, ndipo kunkamveka fungo la chinangwa choviika. Njira ya kudooko la amayi! Malo amene mwamuna saponda, makamaka mkamwini.

Ndisanatembenuke, chingwe chinalefuka chokha. Kamvuluvulu anali ataima. Mwendo m'mwamba, mchira tolotolo, mphuno italoza m'bango la kumanzere, kufupi ndi madzi.

Kuseri kwa bango lomwelo ndinamva mawu a amayi akucheza, madzi akuthyavuka, kenako kuseka kwa Takondwa. Mwana wanga. Sindinkamuona, koma mawu ake ankamveka pafupi, pafupi kwambiri ndi pamene galu analoza.

Bango linagwedezeka. Mphepo kunalibe.

Tsono munthu umatani? Ukalowa, wapalamula mlandu woti ankhoswe akhalirepo pansi. Ukapanda kulowa, mwana. Ndinayesa njira yaulemu, ndinaitana monong'ona kuopa kudzidzimutsa chilombocho, "Odi kumadziko." Palibe anamva. Ndinakweza mawu pang'ono, "Odi kumadziko!"

"Kuli anthu! Imani pomwepo!" Anali mawu a apongozi, osadziwa kuti akuyankha ndani.

Ndinaima. Galu ali chiimire, thupi lonse likunthunthumira ngati waya. Ndinkaganiza za mbuzi ija, eni ake anangopeza chingwe chokha. Ndinayesa kumasula mfundo ya m'chiuno kuti ndithamangire kumudzi kukaitana mayi wina aliyense, koma mfundo ya alamu ija inali italimba ngati mwala. Bango linagwedezekanso, tsopano chamtsogolo, kulowera kumene kunali mwana. Ndiye Takondwa anati, "Gogo, taonani!"

Aone chiyani? Mwana waona chiyani?

Apa nzeru zinandithawa. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Ng'onaaa! Ng'ona! Mwana!" n'kuliyatsa liwiro kulowa padooko. Koma poti ulemu sunandichoke, ndinatseka maso. Inde, mwamva bwino. Ndinati ndikapulumutsa mwana koma osaona zosayenera kuona, ndiye ndinathamanga maso ali tseke, manja ali patsogolo, galu ali m'chiuno.

Nditangosuntha, galu naye anadumphira m'bango, china chake chinati phururu kudutsa pamutu panga, ndipo chingwe chinandikokera kumbali. Amayi anali akukuwa, mabeseni akugundana, wina akuitana Yesu, wina Allah. Mwendo wanga unaponda pa chinangwa choterera, ndinapita chamutu m'madzi, phava! Ndinamwa madzi a chinangwa aja, ndikupapasa uku ndi uku m'matope, kufuna mwana. Dzanja langa linakhudza mwendo. Ndinaugwira ndi manja awiri, n'kuyamba kukokera kumtunda.

Ndikanayenera kudabwa kuti mwendo wa mwana wa zaka ziwiri wakula liti chonchi.

"Mayo ineee! Yandigwira! Yandigwira mwendo!"

Taganizani inuyo. Mwamva mfuu ya ng'ona, muli m'madzi, sopo ali m'maso, kenako chinthu chakugwirani mwendo kuchokera pansi. Apongozi sanafunse mafunso. Beseni linatera pamutu panga, mbwee! Amayi ena aja, m'malo mothawa, anabwera kudzapulumutsa mnzawo, wina ndi mtengo wovuulira chinangwa, wina ndi ndowa, wina akungondigenda ndi zinangwa zofewa. Ine pansi pa madzi ndinkati ng'ona yandipeza, ndiye mwendo uja ndinaugwiritsitsa kuti isandilande mwana. Iwo akumenya, ine ndikukoka, galu akutikoka tonse.

Chimene chinandipulumutsa ndi malaya. Mayi wina anakuwa, "Taimani! Ng'ona yake yavala malaya!"

Ndinatulutsa mutu. Ndinatsegula diso limodzi. Takondwa anali cha uko kumtunda, kutali ndi madzi, atakhala m'beseni lalikulu pansi pa mtengo, akuwomba m'manja. Ndinatsegula diso linalo n'kutsatira mwendo umene ndinagwira, pang'onopang'ono, mpaka ndinafika pa chitenje chonyowa chomangidwa pachifuwa. Pamwamba pa chitenjecho panali nkhope imene ndinakhala zaka zitatu osaiyang'ana.

Ndinatsekanso maso. Ndipo poti sindinadziwe chonena, ndinati, "Mwadzuka bwanji amayi?"

Anangoti, "Ndisiyeni mwendo."

Nthawiyi n'kuti amuna a m'mudzi atafika ndi nkhafi zopalasira bwato, zikwanje ndi mikondo, koma onse anaima kuseri kwa bango, chifukwa iwo mwambo amaudziwa. Ndinamva alamu a Yohane akufunsa, "Amayi, ili pati? Yaikulu bwanji?"

"Yaikulu ngati alamu ako," anatero apongozi. "Bwera ndi mpeni udzaidule chingwe, koma ubwere chafutambuyo."

Anandiperekeza kumudzi ngati wakuba mbuzi, matope mpaka m'makutu, chotupa pamutu, patapata mmodzi. Kamvuluvulu ankabwera pambuyo akugwedeza mchira, nthenga imodzi itamatirira pamphuno. Nthengayo ndinaiona, koma mutu unali ukulira beseni, sindinaganize kanthu.

Amake Takondwa pobwera kumpunga anapeza nkhani itafika kale. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye mumati mupulumutsa mwana mutatseka maso?"

"Ndinkalemekeza amayi."

"Mwawalemekezadi. Mwendo watupa."

Ankhoswe anagamula kuti ndipepese ndi nkhuku. Poti kwathu kunalibe ngakhale imodzi, ndinapalasa njinga mpaka kwa Malengachanzi n'kubwera ndi tambala woyera. Lolemba lake tinakhala pabwalo la apongozi, iwo pamkeka atayang'ana kumbali, mwendo atautambasula kuti aliyense auone, ine nditagwada patali, tambala ali m'manja. Galu ndinali nditamumangirira pa mtengo wa mango ndi zingwe ziwiri. Ankhoswe atangoyamba kulankhula, alamu anandigunda ndi chigongono.

"Alamu, thawani. Ng'ona ija yabweranso."

Nditacheuka, Kamvuluvulu anali ataima. Mwendo m'mwamba, mchira tolotolo, mphuno italoza tambala wa m'manja mwanga. Ndinasunthira tambala kumanja, mphuno inatsatira. Kumanzere, inatsatira.

Pamenepo ndi pamene zonse zinandibwerera: nthenga ya pamphuno ija, phururu uja wa m'bango, ndi mayi wachizungu uja akukupiza manja. Sankanena za ndege! Ankandiuza kuti galuyu ndi wosaka mbalame, akainunkhiza amaima n'kumuonetsa mwini wake pamene yabisala. Kuseri kwa khitchini ndinaotcha tayala chifukwa cha zinziri. Apongozi ndinawagwira mwendo chifukwa cha nkhwali.

Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ankhoswe omwe. Apongozi okha sanaseke, ngakhale mapewa awo ankagwedezeka. Anatembenukira kwa mwana wawo, poti ine sangandilankhule mwachindunji pagulu, n'kunena kuti, "Uwauze bambo a Takondwa kuti nkhuku ndalandira. Munthu wolowa m'madzi muli ng'ona chifukwa cha mdzukulu wanga sindingamuthamangitse pamudzi. Koma uwauzenso kuti ng'ona yeniyeni ikadzabwera, adzatseke pakamwa, atsegule maso."

Galuyo alipobe, Takondwa samulola kuchoka. Ndimamuthamangitsa m'mawa uliwonse kumtunda, kumsewu, kutali ndi bango lililonse, chingwe chili m'manja. M'chiuno sindidzamanganso kanthu kupatula lamba, ndipo kudooko la amayi sindidzapondako ngakhale galu ataima ndi miyendo iwiri. Chimene chatsala ndi dzina, chifukwa tsopano ngakhale a Shaibu akandiona amati, "A Ng'ona, sopo wabwera."

Ndiye inu amene mwamva nkhaniyi, sekani momwe mungathere, inenso ndimaseka chotupa chitaphwa. Koma chonde, mukandipeza pali apongozi, ingondiitanani kuti bambo a Takondwa.