Kabwalo kozungulira pamphuno ya Wongani

Mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pa amama Nyakayira ndimafulumiza mapazi, mutu uli pansi. Palibe amene anandikalipira pa zimene ndinachita, ndipo chimene chimandipweteka n'chomwecho.

Ine kwathu ndi ku Mulanje, koma ntchito ya ulangizi wa zaumoyo inandiponya ku Wenya, kumene netiweki timachita kukaisaka pamwamba pa chulu. Mwezi ndi mwezi ndimakapangitsa sikelo ya ana kumudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje, ulendo wapansi, ndipo ondisungira madzi akumwa ndi nthochi amakhala amama Nyakayira. Mwana wawo Wongani anapita ku Joni kalekale. Mapepala ake sali bwino, ndiye akangobwera kuno sangabwererenso. Amamawo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ankati nkhope za anthu akuziona ngati zili m'chifunga, ndipo chifungacho chinkakulirakulira.

Tsiku lina ndili ku boma pa msonkhano, Wongani ananditumizira uthenga. Kwaya ya tchalitchi chawo inali itaika vidiyo pa intaneti, iye ndiye wotsogolera nyimbo. "Achimwene, chonde mukawaonetse amama maso asanatheretu."

Ndinaionera kangapo, mwana wa eni ake akuimba atavala suti yotuwa. Pobwerera, lole itafika pamalo opanda netiweki ngakhale kadontho, ndinaidinanso. Inasewera bwinobwino! Basi ndinati yalowa m'foni, nkhani yatha. (Amene mumadziwa za mafoni mwayamba kale kupukusa mutu. Pukusani, ndikuyenera.) Ndinatuma uthenga kumudzi kuti amama akonzeke, pa sikelo ikubwerayi ndikubwera naye Wongani m'thumba.

Masiku otsatirawo madzulo aliwonse ndinkakwera pachulu paja kukaonera zigoli za mpira. Ndinkatsitsanso mavidiyo a mzungu wina wophunzitsa masewera ochepetsa mimba. (Inde, ndili nayo. Nthochi za kuno sizinama.) Amenewo ndiye ndinkawadina kamuvi koloza pansi mosamala kwambiri, kuti ndizidumpha nawo m'nyumba chitseko chili chotseka.

Tsiku la sikelo ndinapeza pakhomo pa amama posesedwa mpaka kumsewu. Nkhuku inali itaphedwa kale. Amayi amene anabweretsa ana kusikelo sanabwerere kwawo, onse anadzaza pansi pa mtengo wa mango. Amama anali atavala chitenje chopitira kutchalitchi, amuna awo bambo Munthali ali pampando pambali pawo, jekete yomanga mabatani onse.

"Monire, adada," anatero amama m'Chitumbuka. "Mwiza nayo?"

"Ndabwera naye, amama. Khalani bwino, mumuone mwana wanu."

Ndinadina. Chithunzi choyambirira chinabwera, Wongani atatsegula pakamwa, kenako kabwalo kakang'ono kanayamba kuzungulira pankhope pake. Ndinati dikirani pang'ono, ikuganiza. Kabwalo kaja kakungozungulira. Ndinazimitsa foni n'kuiyatsanso. Ndinaikweza m'mwamba. Ndinakwera pamtondo, munthu wamkulu ndi mimba yangayi, dzanja lili kumitambo, thukuta lili kamukamu. Palibe.

Ndinatsegula pamene pamakhala mavidiyo otsitsidwa, poganiza kuti mwina yabisala kumeneko. Chala chinaterereka. Mzungu wa kabudula uja anatulukira mawu ali pamwamba, akudumpha n'kumawomba m'manja.

Bambo Munthali anasendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa. "Uyu ndi Wongani? Joni yamuyeretsa chomene!"

Amayi aja anaseka mpaka ana kumbuyo anadzuka. Wina anafunsa ngati masewerawo ndimachitadi, poti zipatso zake sizikuoneka. Nanenso ndinaseka, kuseka kwa munthu wofuna nthaka imumeze.

Amama okha sanaseke. Anatambasula dzanja, ndinabwezeretsa chithunzi chija n'kuwapatsa. Anaiyandikitsa foni mpaka kukhudza nsidze.

"Ndi iyeyu," anatero chapansipansi. "Koma kanthu aka kakuzungulira pamphuno pake, kachotseni ndimuone bwino."

Sindinathe kukachotsa. Anayang'anabe nthawi yaitali, kenako anandibwezera ndi manja awiri. "Yewo, adada. Mwayesetsa."

Nkhuku ija ndinadya ndithu. Kukana kukanakhala chipongwe china, koma sindinadyepo nyama yovuta kumeza ngati imeneyo.

Mawa lake namwino wa pachipatala pathu, mayi Sichali, anandifotokozera akundiyang'ana ngati mwana wa sitandade wani. Ukaonera vidiyo, foni imangosunga zidutswa zake kwa kanthawi kuti ukafuna kubwereza isavutike. Ukaonera zina, imataya zakale kuti ipeze malo, osakufunsa n'komwe. Chimene chimakhalitsa ndi chimene watsitsa wekha ndi kamuvi kaja. "Ndiye inu a Phiri, kamuviko mumakadziwa, koma munakasungira mimba?"

Madzulo omwewo ndinathamangira pachulu n'kuitsitsa bwinobwino. Ndinati Loweruka ndipita. Lachisanu mvula inayamba, mtsinje unadzaza, kamlatho ka mitengo kanapita ndi madzi. Sikelo ya kutsidya inaima mpaka dzinja litatha.

Nditawoloka, panalibe nkhuku, panalibe gulu. Amama anali pakhonde, ndipo anandizindikira ndi mawu. Ndinadina, nyimbo inayamba yosadukiza, Wongani akuoneka mpaka mano. Amama anaitengera foni kumaso, anaitembenuza uku ndi uku, kenako anaitsitsira kukhutu. Anamvetsera mpaka kumapeto, milomo ikutsatira nyimbo.

"Mawu ndi akewo," anatero. "Nanga thupi? Wanenepa?"

"Wanenepa, amama. Wavala suti yotuwa."

"Kampata ka m'mano kaja kakadalipo?"

"Kalipo."

"Ndiuzeninso. Yambirani kumutu."

Ndinayambira kumutu.

Masiku ano ndikalonjeza munthu vidiyo ndimaitsitsa pomwepo, ndipo m'mawa wa ulendo ndimazimitsa netiweki n'kuionera mpaka kumapeto. Mzungu uja ndinamufufuta, mimba ikadalipo. Vidiyo ya Wongani ndiye sindiichotsa ngakhale foni idandaule kuti yadzaza, chifukwa pa sikelo iliyonse amama amandidikira pakhonde, ndipo ndikafuna kudutsa mwakachetechete amamva mapazi anga n'kuitana: "Adada, bwerani mundionere mwana wanga."